Kope ndi bolopeni zinandithandiza kusiya zolaula, koma osati mmene ndinkaganizira

Ndinayamba kuonera zolaula ndili kamnyamata, pa foni ya mnzanga, tili kagulu tikungoseka. Nditapeza foni yangayanga ya intaneti kagulu kaja sikanafunikenso, ndinkangodikira kuti anthu agone basi. Ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito, ndinakwatira, ndipo nthawi yonseyo ndinkadziuza kuti ndikangolowa m'banja zithera pompo. Sizinathe ayi. Inu amene mukuganiza kuti banja lidzakuchotserani vutoli, kwa ine banja linangondiphunzitsa kubisa mwaluso.

Zitafika poipa ndinkagona kuma 2 koloko usiku, mmawa kuntchito maso ali psuu, mutu ukulemera, imelo imodzi kuiwerenga mobwerezabwereza osamva kanthu. Bandulo yoti indikwanire mwezi inkatha sabata isanathe ndipo ndinkanamizira netiweki kuti ikudya data. Chomwe chinkandiopsa kwambiri n'choti zimene ndinkaonera poyamba zinasiya kundikhudza, ndinayamba kusaka zina zoipirapo, zoti masana ndikazikumbukira ndinkachita nazo nseru ine mwini wake. Komanso nthawi yambiri sinkathera poonera ayi, inkathera posaka, kutsegula iyi, kutseka, kutsegula ina, matabu ali mbwee, maola kupita ndikufunafuna vidiyo yoti indikwanire yomwe kulibeko. Ndinadzawerenga patsogolo pake kuti Kent Berridge, katswiri wa za ubongo, anasonyeza kuti dopamine, kemikolo ina ya mu ubongo, imakhudza kwambiri kufuna chinthu kusiyana ndi kusangalala nacho, ndiye munthu ukhoza kumachifunitsitsa chinthu choti chinasiya kalekale kukukomera. Ndinangoti eya, ameneyo ndine.

Kunyumba akazi anga ankaona kuti ndatalikira koma sankadziwa chifukwa. Ndinkapsa mtima ndi tizinthu tating'ono, foni ndinkapita nayo mpaka kubafa, akaigwira olo kungofuna kuona nthawi mtima wanga unkagunda kuti thithithi. Kuchipinda nako zinthu zinazizira, thupi lilipo koma maganizo ali kwina, ndipo iwo ankaganiza kuti mwina ndili ndi chibwenzi kapena anasiya kundisangalatsa. Mpaka pano chimenechi ndi chimene chimandiwawa kuposa ndalama ndi tulo zomwe ndinataya.

Kuyesa kusiya ndinayesa, musaganize kuti ndinangokhala. Kulumbira, kupemphera, kufufuta zonse, kuika ma app otchinga mawebusaiti amene pasiwedi yake ndinkaidziwa ndekha, ndiye usiku ndinkangowachotsa bwinobwino. Kenako ndinapeza app yowerengera masiku amene wakhala osaonera. Imeneyi ndinaikonda chifukwa nambala ikamakwera umadzimva kuti ndiwe munthu, koma tsiku loti wagwa nambala imabwerera pa 0 ndipo mumtima umati basi zonse zapita, bola ndionere zokwanira lero ndidzayambirenso Lolemba. Ndiye kugwa kwa mphindi zochepa kunkasanduka wikendi yonse. Alan Marlatt, katswiri amene anafufuza kwambiri za anthu obwerera ku mowa ndi mankhwala atasiya, anafotokoza zomwezi, kuti munthu akaphwanya lamulo lake loti sadzakhudzanso, manyazi ndi maganizo oti ndalephera kale ndi zimene zimasandutsa kuterereka kumodzi kukhala kubwereratu. Ndikanadziwa zimenezi kale sindikanataya nthawi yaitali chonchija ndi manambala.

Zinasintha usiku wina akazi anga atadzuka n'kundipeza pabalaza, foni kumanja, ndipo sindinachedwe kuitembenuza koma anali ataona kale. Sanakuwe. Anangoti, "Ndiye zimenezi ndi zimene mumandisiyira ndekha kuchipinda?" n'kubwerera kukagona. Masiku otsatira m'nyumba munali zii, kulankhulana kwake kwa zofunika zokhazokha. Ndi mantha oti banja litha amene anandipititsa kwa mlangizi wa zamaganizo, sikuti ndinali wolimba mtima ayi.

Mlangiziyo atandimvetsera anandifunsa kuti, "Kodi tsiku lomaliza limene munaonera, masana ake kunachitika chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinkakumbuka zomwe ndinaonera, koma za masana ake, kaya ndinakangana ndi munthu, kaya ndinatopa, mutu unalibe kanthu. Ndiye anati ndigule kope, ndizilemba tsiku lililonse, ndidzabwere nalo. Kunena zoona ndinakhumudwa. Ndalipira ndalama zanga, ndadzichotsa ulemu kuulula zinthu zochititsa manyazi, mankhwala ake n'kukhala kope ngati mwana wa pulayimale? Koma poti ndinalibe nzeru ina ndinagula.

Masabata oyamba ndinkalemba zolakwika ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere. Kope lonse linadzaza ndi kudzitukwana ndi malonjezo, ndine chitsiru, ndine wauve, kuyambira mawa sindidzachitanso, Mulungu ndikhululukireni, tsamba ndi tsamba zomwezomwezo. Ndikamaliza kulemba ndinkamva kuipa kuposa poyamba, ndipo munthu ukamva kuipa chonchi umafuna chokutonthoza, chokutonthoza chomwe ndinkachidziwa chinali chomwecho. Tsiku lina ndinati ndikhale woona mtima ndilembe mwatsatanetsatane zomwe ndinaonera, aa, ndisanafike pakati pa tsamba zithunzi zonse zinali zabwerera m'mutu ndipo ndinatseka kope n'kutenga foni. Musamalembe zimene munaona. Lembani kuti "ndinaonera" n'kusiyira pomwepo, zokwanira. Nthawi inanso ndinaona ngati kuyenda ndi kope n'chintchito ndiye ndinayamba kulemba pa foni, koma kutsegula foni usiku uli wekha kuti ulembe za chilakolako n'kudziputa dala, pakati pa polemba ndi pa browser pali chala chimodzi chokha. Pepala lilibe notification, lilibe tabu ina.

Nditabwerera kwa mlangizi anawerenga masamba angapo amene ndinamulola, n'kunena kuti, "Apa mwalemba zambiri zoti ndinu munthu wotani, koma simunalembe chimene chinachitika." Anati ndisiye kukhala woweruza, ndizilemba ngati mboni yongonena zomwe yaona. Tinagwirizana mafunso ochepa oti ndiziyankha madzulo aliwonse, kaya ndagwa kaya sindinagwe. Chilakolako chinabwera nthawi yanji, ndinali kuti ndipo ndinali ndi ndani, maola angapo chisanabwere kunachitika chiyani, ndinkamva bwanji mumtima ndi m'thupi, mphamvu yake inali bwanji kuyambira 0 mpaka 10, ndipo ndinachita chiyani. Zimatenga mphindi 10 kapena kucheperapo. Tsamba lina la nthawi imeneyo linali chonchi:

"Lachitatu. Abwana andidzudzula pamaso pa anzanga za lipoti, sindinayankhe. Masana sindinadye. Kufika kunyumba sindinauze aliyense. Cha m'ma 11 onse agona, ndili pampando ndikungopukusa Facebook. Pachifuwa pothina, nsagwada zolimba. Mphamvu 8. Ndinaonera. Ndagona mochedwa."

Mulibe chitsiru, mulibe lonjezo. Poyamba zinkandivuta kulemba mouma chonchi chifukwa ndinkaona ngati ndikudzikhululukira, ngati kusadzitukwana ndiye kuti ndavomereza tchimo. Koma kudzitukwana ndinali nditakuchita kwa zaka zambiri ndipo palibe chomwe kunasintha.

Phindu lenileni silinabwere polemba, linabwera powerenga. Patapita milungu ingapo ndinakhala pansi Loweruka lina n'kuwerenga kuyambira koyambirira, bolopeni yofiira kumanja, ndikuzunguliza masiku onse amene mphamvu inadutsa 6. Zimene ndinaona zinandidabwitsa zedi. Ine moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti vuto langa ndi chilakolako chochuluka, kuti ndinangobadwa choncho, koma masiku ozungulizidwa aja pafupifupi onse anali masiku amene ndinachititsidwa manyazi n'kukhala chete, masiku amene ndinkaganiza za ngongole, Lamlungu madzulo ndikaganiza zoti mawa ndi ntchito, ndi masiku amene tasemphana mawu ndi akazi anga ine n'kungoti palibe vuto. Masiku amene ndinacheza ndi anthu, kuseka, kutopa ndi ntchito yamanja, manambala anali pansi olo kuti foni inali m'thumba momwemo. Ndipo njira yake inali imodzimodzi nthawi zonse moti inkachititsa manyazi kuiwerenga: kukhumudwa masana, kusauza munthu, kutsalira pabalaza ena akukagona ati ndikuonera mpira, kupukusa Facebook kapena TikTok, kuima pa chithunzi china chomwe sicholaula kwenikweni, kenako basi. Zaka zonsezi ndinkalimbana ndi sitepe yomaliza yokha, ngati munthu wokolopa pansi mpopi uli chitsegulire.

Anthu a m'magulu osiya mowa monga Alcoholics Anonymous amachenjezana za zinthu zinayi, njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa, ndipo kope langa linali lodzaza ndi zinayi zomwezi, kungoti kwa ine manyazi ndiye anali patsogolo. Zanu zikhoza kukhala zina, mwina kuboweka, mwina mowa, mwina kugona masana, ndipo n'chifukwa chake simungakopere mndandanda wa munthu wina, muyenera kuupeza m'zolemba zanu.

Nditadziwa njira ija ndinayamba kulemba kumapeto kwa kope timapulani ta "zikachitika zakuti, ndichita chakuti". Peter Gollwitzer, katswiri wa zamaganizo, anafufuza kwambiri za mapulani a mtundu umenewu n'kupeza kuti anthu amawatsatira kwambiri kusiyana ndi zolinga zongoti ndiyesetsa. Anga anali osavuta. Akazi anga akanyamuka kukagona, nanenso ndinyamuka, mpira ndidzamva mawa. Ikakwana 10 koloko foni ipita pa chaja kuchipinda china ndipo alamu ndinagula ya wotchi wamba. Wina akandikhumudwitsa kuntchito, ndiuza munthu mmodzi dzuwa lisanalowe, olo mawu awiri okha. Ka pulani kachitatuka ndi komwe kanali kovuta kuposa tonse chifukwa ine ndinakula ndikudziwa kuti mavuto umameza.

Chinthu china chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi kulemba chilakolako chili mkati, osadikira madzulo. Chikabwera ndinkatenga kope, kulemba nthawi ndi nambala, kenako kulemba zomwe thupi likuchita, kumaso kukutentha, miyendo sikukhazikika, m'mutu mukubwera mawu oti kamodzi kokha sikalakwika. Pakapita mphindi zisanu ndilembenso nambala. Ndinkaona 8, kenako 9, kenako 7, 5, mpaka 3, ndili pompo sindinachite kanthu. Marlatt yemwe uja ankaphunzitsa anthu kuti chilakolako chimakwera n'kutsika chokha ngati funde ndipo ntchito yako ndi kungokhala pamwamba pake mpaka lidutse, koma kumva zimenezi ndi kuziona m'manambala olemba ndi dzanja lako ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chikabwera sichichoka mpaka nditachita, chifukwa ndinali ndisanadikirepo kuti ndione. Palinso kafukufuku wa Matthew Lieberman ndi anzake wa mu 2007 amene anasonyeza kuti munthu akatchula dzina la zomwe akuona pankhope ya munthu wa pachithunzi, monga mantha kapena mkwiyo, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamachepetsako phuma. Kaya ndi zimenezo zinkachitika mwa ine, chomwe ndikudziwa n'choti kulemba kuti "ndili ndi mantha ndi ngongole" kunkachepetsa moto kusiyana ndi kukukuta mano n'kumati ndisaganize, ndisaganize. Kusaganiza dala sikugwira ntchito, katswiri wina wa zamaganizo, Daniel Wegner, anayesa mu 1987 kuuza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera ndipo chinkangowabwererabe m'mutu.

Musaone ngati kuyambira pamenepo zinangoyenda myaa. Patapita miyezi zinthu zikuyenda bwino ndinayamba kudumphitsa masiku, lero ndatopa, mawa palibe cholemba, kenako kope linakhala m'dirowa osatsegulidwa. Nthawi yomweyo akazi anga anachokapo kwa masiku angapo kukaona odwala, kuntchito kunali mphekesera zoti achotsa anthu, ndipo ndinagwa, kugwa koipa kwa masiku otsatizana. Chomwe ndinaona pambuyo pake n'choti masamba opanda kanthu anayamba kugwa kusanachitike. Sindinasiye kulemba chifukwa ndagwa ayi, ndinasiya kulemba chifukwa mbali ina ya ine inali itayamba kale kukonzekera ndipo sinkafuna mboni. Panopa ndikaona kuti ndadumphitsa masiku awiri popanda chifukwa chomveka ndimadziwa kuti pali chimene ndikuzemba.

Tsamba lovuta kulemba kuposa onse ndi la mmawa woti wagwa dzulo lake. Dzanja limakana, umafuna ungodumpha tsikulo kuti kope lioneke loyera. Koma tsamba limenelo ndi lomwe lili ndi zambiri zoti uphunzire, ndipo ndi lomwe limaletsa kugwa kumodzi kusanduka sabata. Ndinadziikira lamulo loti ndikagwa ndilembe ndisanatuluke m'nyumba, mafunso omwe aja, kenako funso limodzi lowonjezera: ndi pati pomwe ndikanatha kukhota? Nthawi zonse yankho lake silinali pa mphindi yomaliza, linali kumbuyo, pamene ndinati ndingotenga foni kuchipinda lero lokha poti ndili ndekha.

Nkhani ya akazi anga ndi kope ndiyenera kuinena chifukwa ambiri amafunsa ngati mnzako wa m'banja aziwerenga. Ife tinagwirizana kuti ayi. Nditangoganiza kuti mwina adzawerenga, ndinayamba kulemba zowasangalatsa, kope n'kusanduka kalata yopepesa, ndipo kope lonama lilibe ntchito. M'malo mwake tinasankha tsiku limodzi pa sabata loti ndiwauze mmene zayendera, mwachidule koma zoona, ndipo akafunsa mwachindunji kuti mwaonera kapena ayi ndimayankha mwachindunji. Ulendo umene ndinagwa iwo kulibe uja ndinawauza atabwera. Analira, anati, "Ine ndimayesa zinatha," ndipo panatenga nthawi yaitali kuti ayambirenso kundikhulupirira, yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Ndinkafuna andiyamikire kuti ndanena zoona, iwo ankamva kuwawa kuti zachitikanso, ndipo onse awiri tinali ndi chifukwa. Zimenezinso ndinkazilemba, chifukwa kukwiya koti bwanji sakundiyamikira kunali njira ina yobwerera komwe kuja. Ngati simuli pabanja pezani munthu mmodzi wokhwima maganizo woti muzimuuza, osati gulu, ndipo kope lanu libiseni pamalo poti ana kapena alendo sangalipeze. Mayina a anthu ine ndinkalemba chilembo choyamba chokha.

Kope lili ndi malire ake. Silinachotse ngongole, silinasinthe abwana, ndipo pali zinthu zina za ubwana wanga zomwe zinatuluka polemba zoti sindikanatha kuzinyamula ndekha, zinafunika mlangizi. James Pennebaker, amene anayamba kufufuza za kulemba zakukhosi m'ma 1980, ankauza anthu kuti alembe kwa mphindi 15 mpaka 20 kwa masiku atatu kapena anayi otsatizana, ndipo anaona kuti ambiri amayamba amva chisoni akangomaliza kulemba, phindu limabwera pambuyo. Ndiye mukalemba zakuya n'kumva kulemera musadabwe, koma musazilembe pakati pa usiku muli nokha ndi foni pambali, ndipo zikakukulirani siyani kaye mukapeze thandizo. Vutoli ndi lodziwika kwa azaumoyo, bungwe la World Health Organization linaika khalidwe logonana kapena kuonera zolaula mosadziletsa m'buku lake la matenda la ICD-11 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, ngakhale analiika m'gulu la mavuto olephera kudziletsa osati limodzi ndi mowa ndi mankhwala, ndipo akatswiri amatsutsanabe za dzina loyenera. Chomwe amayang'ana si kuti unaonerapo kapena umadziimba mlandu chabe, koma kuti walephera kudziletsa kwa nthawi yaitali, miyezi 6 kapena kuposa, ndipo zikuononga ntchito, banja kapena thanzi lako. Ngati mukusowa tulo kwa nthawi yaitali, simukusangalala ndi chilichonse, kapena mukuganiza zodzivulaza, musadalire kope, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi msanga. Ndipo ngati zomwe mukusaka zayamba kukhudza ana, umenewo ndi mlandu ndipo pali ana enieni amene akuvulazidwa, funani thandizo la akatswiri lero lomwe.

Za ndalama, kope ndi bolopeni sizinandidyere kanthu poyerekeza ndi mabandulo aja, chomwe chinali chodula ndi mlangizi, moti sindinkapita pafupipafupi mmene ankafunira, nthawi zina ndinkatalikitsa masiku podikira malipiro. Kope linathandizanso pamenepa chifukwa ndikapita sitinkataya nthawi ndi kukumbukira, ndinkangotsegula pomwe ndazunguliza n'kuyambira pompo.

Panopa papita nthawi yaitali ndisanaonere, masiku sindiwerenganso dala. Chilakolako chimabwerabe, makamaka ndikakhala ndekha pa ulendo wa ntchito kapena mwezi ukavuta, koma nthawi zambiri ndimachiona chikadali patali, pa 3 kapena 4, pomwe kuimbira munthu foni kapena kungokagona kumakwanira. Kulemba ndimalembabe madzulo aliwonse ngakhale masiku ambiri ndi mizere itatu yokha ndipo yambiri sikhudzanso zolaula, imakhala ya ntchito, ana, ndi zomwe zandinyansa tsikulo. Makope akale ndinawawerenga komaliza, ndinakopera mapulani ndi mndandanda wa zinthu zondiputa m'kope latsopano, kenako ndinawaotcha, chifukwa ana akukula ndipo ayamba kutsegula madirowa.